Mawu Osabwezedwa a Pachipata

Nkhani iyi ndinaimva kwa a Filimoni Chagunda, amene anagwira ntchito ya ulonda pa esiteti ya fodya kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinkawayendera pamodzi ndi anzanga a Mvano pa matenda awo omaliza. Tsiku lina anzanga anatsogola kunyumba ina, ine ndinatsala kuti ndimalize kuwachapira zofunda. Nditalowa ndinawapeza ali tsonga, atatsamira khoma pafupi ndi chitseko, monga ankachitira masiku onse. Ndinawafunsa chifukwa chimene sankagonera pamphasa ngati odwala ena. Iwo anati ndikhale pansi. Ndikulemba monga anandiuzira, ndipo pamene sindinamvetse sindinaikepo zanga. Zoona zake adziwa ndi Mulungu.

Agogo awo aamuna, mwini dzina la Chagunda, anali msilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya kale, azungu asanakhazikike m'dziko muno. Mfumu yaikulu itamwalira, ana a nyumba imodzi analimbirana mpando, asilikali n'kugawikana pakati. Pa nkhondo yotere mdani amanyamula chishango ngati chako, amavala nthenga ngati zako, amalankhula chilankhulo chako, ndipo mwina anayamwa bere lomwe unayamwa iwe. Mumdima sungamuzindikire.

Gulu la Chagunda linatsekerezedwa m'linga pamwamba pa phiri lina kumtunda kwa Ntcheu. Lingalo linali mpanda wa mitengo ikuluikulu yolukidwa ndi minga, ndipo chipata chinali chimodzi chokha. M'katimo munali asilikali, akazi, ana ndi ng'ombe zowonda. Kunsi kwa phiri adani anazungulira mbali zonse, moti usiku moto wawo unkaoneka ngati mkanda m'khosi mwa phirilo. Kasupe anali kunja kwa mpanda, kotsetsereka.

Mkulu wa asilikali anali nduna Zidana, ndipo lamulo lake la pachipata linali lotere. Dzuwa likamalowa ankasankha mawu a usiku umenewo, mawu wamba ngati nsatsi kapena chipande, n'kuwanong'oneza m'khutu la mlonda wa pachipata. Aliyense wotuluka ankalandira mawuwo m'khutu, n'kusiya kamwala kake m'mbale ya mtengo imene inkakhala pambali pa chipata. Pobwerera ankaima pampata wa mitengo n'kunena mawu aja pansipansi. Mlonda ankayankha kuti, "Ndalandira," n'kuchotsa mpiringidzo. Munthuyo ankatola kamwala kake, ndipo pamenepo ndiye kuti wabweza mawu, akhoza kukagona. Amene sanabweze mawu anali akadali pa ntchito, sankaloledwa kuika nthiti pansi. Kukacha mlonda nayenso ankabweza mawuwo m'khutu la nduna. Nduna inkalavula pansi n'kupondapo, ndiye kuti mawu afa. Wobwera ndi mawu akufa anali mdani, ngakhale liwu likhale la bambo wako wokubala, chifukwa kulinga lina adani anagwira munthu, namuimika pachipata mkondo uli kumsana kuti aitane. Anamutsegulira, ndipo m'linga limenelo simunatsale ngakhale nkhuku.

Mlonda wa pachipata anali Chagunda, ndi mnzake wachikulire wokonda fodya wa m'mphuno, dzina lake Dzombe.

Inali nyengo ya dzuwa lowawa lija mvula isanagwe. Madzi m'linga anatha, ana analeka kulira chifukwa pakhosi panauma. Nduna inasankha amuna asanu ndi awiri kuti atsikire kukasupe mumdima ndi zipanda. Mmodzi wa iwo anali Kabwazi, mng'ono wake wa Chagunda, munthu wosatha nthabwala ngakhale pamaliro.

"Achimwene, mawu a lero atalikeko pang'ono," anatero Kabwazi akukonza zipanda pamapewa. "A dzulo anali aafupi, ndinangowameza pamodzi ndi malovu."

"Tseka pakamwa, bweretsa khutu."

"Liti? Ili lakumanzereli musalikhudze, ndi la mlamu wanu Nanyoni, amalikoka yekha."

Dzombe anaseka mpaka kuyetsemula fodya. Chagunda anamugwira mng'ono wakeyo pakhosi, namunong'oneza mawu. Kabwazi anaponya m'mbale kamwala kake koyera ka mzere wofiira, kamene ankayenda nako kuyambira ali mbusa wa ng'ombe, n'kutuluka. Mpiringidzo unabwerera m'malo mwake.

Pasanapite nthawi kunamveka phokoso kuseri kwa linga. Msilikali wina amene ankalonda kumbuyo anakwera mpanda n'kuthawira kwa adani, kumene kunali malume ake. Anapita ndi mawu a usikuwo m'mutu mwake, pakuti anali atawamva akunong'onezedwa pachipata. Nduna Zidana inafika pachipata ikupuma mofulumira.

"Bweza mawu," inatero.

Chagunda anabweza. Nduna inalavula pansi, n'kupondapo ndi chidendene, kenaka inamunong'oneza mawu atsopano.

"Baba, kunja kuli anthu asanu ndi awiri."

"Miyala ndikuiona."

"Nanga alowa bwanji? Atsopanowa sakuwadziwa."

"Adikire kuche. Kukacha tidzawaona nkhope. Amene atsegule usiku uno ndi mawu akufa, ndimubaya ndi dzanja langali."

Anthu aja sanadikire kucha. Tambala asanalire Chagunda anamva mapazi akuthamanga chokwera, ndi madzi akukhuthuka m'zipanda, khutchu khutchu. Wina anagunda mitengo ya chipata ndi chifuwa, nanena mawu aja. Linali liwu la Kabwazi.

Dzanja la Chagunda linapita lokha pampiringidzo. Dzombe analigwira pamkono mwamphamvu.

"Werenga mapazi," ananong'oneza Dzombe. "Ndi asanu ndi awiri amenewo?"

Chagunda anatchera khutu. Mapazi anali ambiri, koma sanathe kudziwa ngati anali owathamangitsa kapena owabweretsa.

"Achimwene, ndine," linatero liwu lija. "Mawu mwawamva. Nenani."

Chagunda sananene kanthu. Analuma mlomo mpaka anamva magazi.

"Achimwene?"

Zimene zinatsatira a Filimoni sanafune kundifotokozera. Anangoti sizinatenge nthawi. Kutacha kunja kwa chipata kunalibe mtembo ndi umodzi womwe, koma zipanda zosweka, mikwekwe ya anthu okokedwa yolowera kunsi, ndi dothi lonyowa.

Nduna inauza Chagunda pamaso pa onse kuti wapulumutsa linga, n'kumupatsa nthuli ya nyama. Iye anaigwira m'manja mpaka inazizira. Kenaka nduna inalamula Dzombe kuti ataye miyala isanu ndi iwiri ija. Dzombe anaiponya kuseri kwa mpanda umodziumodzi, kutali.

Madzulo, pamene ankakonza pachipata, Dzombe anasuzumira m'mbale n'kubwerera m'mbuyo.

"Iwe, wabwezamo ndiwe?"

Miyala inali momwemo, isanu ndi iwiri, koyera ka mzere wofiira kali pamwamba. Inali yonyowa. M'linga monse munalibe dontho loti munthu n'kunyowetsera mwala.

"Ndi ana awa, masewera awo," anatero Dzombe, koma fodya amene anatapa anagwera pansi asanafike pamphuno. Anaitayanso. Ulendo uno anaiponya chakuphompho.

Usiku umenewo agalu, amene ankakonda kugona pachipata chifukwa cha kamphepo, anasamukira kuseri kwa khola. Ng'ombe zonse zinaima mofulatira chipata. Chagunda atagwira mpiringidzo anaupeza uli wachinyezi ngati wagona pamame, chonsecho kumwamba kunalibe kamtambo. Pakati pa usiku anamva kutali, chakunsi, madzi akukhuthuka m'chipanda, khutchu, khutchu, mwa kayendedwe ka munthu wosafulumira. Phokosolo linafika pafupi n'kuleka. Palibe amene analankhula.

M'mawa akazi anayamba kufunsana. Nanyoni, mkazi wa Kabwazi, anasowa chipanda chake chopanda kanthu chimene anachipachika pamtengo. Enanso asanu ndi mmodzi anasowa zawo, ndipo onse anali a m'nyumba za amuna aja. Mayi wina ndiye anasuzumira pampata wa mitengo n'kukuwa. Kunja kwa chipata, mtunda wongotambasula dzanja kawiri, zipanda zisanu ndi ziwiri zinali zitandandalikidwa bwinobwino, zodzaza mpaka m'milomo.

Anthu anakhamukira pampanda. Ana anakanikiza nkhope pamipata, akuyang'ana madzi akunyezimira padzuwa.

"Ndi msampha," inatero nduna. "Athiramo mankhwala, kapena abisala m'miyalamo. Palibe atuluke."

Tsiku lonse anthu anakhala akuyang'ana madzi amene sakanatha kuwafikira. Pofika madzulo zipanda zinali momwemo. Mdima utagwa palibe anaziona zikuchoka, koma m'mbale miyala inali itabwerera.

Usiku wachitatu ndi pamene liwu linayamba. Mapazi anafika, madzi anakhuthuka, ndipo pampata penipeni, pamene munthu wobwerera amaika pakamwa, wina ananena mawu akufa aja. Sanapemphe, sanalire, sanatchule dzina la munthu. Anangonena, n'kudikira nthawi yokwanira kuti mlonda ayankhe. Posamva yankho anapatuka, wina n'kubwera kudzanena. Anakwana asanu ndi awiri, womaliza Kabwazi. Kenaka woyamba uja anayambiranso. Zinatero mpaka tambala.

Chagunda anayesa kusuzumira kamodzi. Kunali mwezi, njira inkaoneka yonse mpaka pamiyala. Koma pamene panayenera kuima munthu, mwezi sunkafika pansi. Sanasuzumirenso.

Dzombe anatseka makutu ndi nsanza, koma anati mawuwo ankalowera m'mano. Kutacha anakagwada kwa nduna.

"Baba, ndakalamba. Ndiikeni kukhola, ndizilonda ndowe."

"Ndi adani akuyeserera mawu a anzanu kuti mufooke," inayankha nduna. "Bwerera pachipata. Palibe wina akufuna malo amenewo."

Koma nduna yomweyo inayamba kupereka mawu a usiku dzuwa likadali pamwamba, ndipo mdima ukagwa sinkapondanso chakuchipata.

Usiku wachinayi ndi wachisanu zinali chimodzimodzi. M'linga anthu analeka kulankhula mokweza. Kutuluka sakanatha chifukwa cha amoyo a kunsi, kugona sakanatha chifukwa cha aja a pachipata. Chagunda akabweza mawu m'mawa ankaloledwa kukagona, koma ankangoyang'ana denga.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, Nanyoni anabwera pamene Chagunda anakhala. Anagwada chapatali monga achitira mlamu, maso ali pansi.

"Alamu, ndili ndi mawu."

"Nenani, alamu."

"Ine sindikukuimbani mlandu. Lamulo ndi lamulo. Koma usiku ndimamva. Liwu limene lija ndimalidziwa, ndi mmene ankalankhulira akachokera kutali ndi katundu. Munthu uja watopa. Chitulukireni sanaike nthiti pansi."

"Ndikatsegula, tonse tatha. Ana anu omwe."

"Kodi iye wanena kuti mutsegule? Usiku woyamba uja ndinali pafupi, ndinamva. Anati nenani."

Atatero ananyamuka. Chagunda anatsala akuyang'ana mbale. Dzombe, amene anamva zonse, anasendera pafupi.

"Ndikuona zimene zikuyenda m'mutu mwakomo," anatero. "Tamvera, mphwanga. Mlonda akalandira mawu amawasunga mpaka awabweze kwa nduna. Amenewa nduna inawapha kale, inapondapo. Ukawalandira, ukawatula kwa yani?"

"Kabwazi ndinamuika mawuwo m'khutu ndine."

"Sindikukana. Koma wosabweza mawu sagona, iwe ukudziwa."

"Ndi chifukwa chake ali panjapo."

Dzombe anatapa fodya, namupatsako Chagunda, chinthu chimene sanachitepo kwa munthu.

Usiku umenewo mapazi atafika, Chagunda anaika mkondo pansi. Anamuuza Dzombe kuti akhalire mpiringidzo ndi thupi lake lonse, ndipo ngati dzanja lake lipita pamenepo, alithyole. Kenaka anagwada, naika khutu pampata.

Kunja kunkachokera kuzizira, ndi fungo la matope a pakasupe. Chinachake chinayandikira mpaka anamva kuti chili pakhutu pake penipeni, koma mpweya wa munthu wopuma panalibe. Mawu ananenedwa.

"Ndalandira," anatero Chagunda.

M'mbale munamveka kuti go, ngati chala chatola mwala. Mapazi amodzi anachoka, osatsikira kunsi kapena kulowa m'linga. Anangochepa mpaka kutha.

Wachiwiri anabwera. "Ndalandira." Wachitatu. Mawu aliwonse akalowa, Chagunda ankamva kulemera kukutsikira m'khosi mpaka pachifuwa, ngati wameza mwala wa mumtsinje. Pofika wachisanu ndi chimodzi Dzombe ankalira mwakachetechete atakumbatira mpiringidzo.

Womaliza anachedwa pang'ono. Kenaka ananena mawu aja, momveka bwino, monga anaphunzitsidwira.

"Ndalandira, Kabwazi. Ndalandira, mng'ono wanga."

Ndiye liwu lija linati, motopa koma ngati likufuna kuseka, "A ulendo uno ndiye anatalikadi, achimwene."

M'mbale munalira komaliza. Patali agalu anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, n'kudzagona pachipata.

Kutacha mbale inali youma, yopanda kanthu. Chagunda anapita kwa nduna, nagwada, nabweza mawu a usiku umenewo. Nduna inalavula n'kupondapo. Koma Chagunda sanadzuke.

"Baba, ndili ndi ena."

Nduna inamuyang'ana, ndipo inamvetsa. Inabwerera m'mbuyo n'kuphimba makutu ndi manja onse awiri, pamaso pa asilikali ake.

"Amenewo ndinawapha. Sindilandira mawu akufa."

"Munawapha ali m'makutu mwa anthu amoyo, Baba. Ndawasonkhanitsa. Landirani kuti ndikagone."

"Unawatola wekha. Choka."

Patapita masiku awiri mvula inagwa, adani anasamuka, ndipo m'kupita kwa nthawi nkhondo inatha. Nduna Zidana inafa chaka chomwecho isanalandire. Anthu anatsika m'phiri, namanga midzi. Koma Chagunda sanatulukemo m'ntchito ija. Tsiku loyamba limene anayesa kugona pamphasa, nthiti zitangokhudza pansi, anamva kuseri kwa chitseko madzi akukhuthuka, ndi mapazi akusonkhana ngati anthu oitanidwanso. Atadzuka n'kukhala tsonga, zinaleka. Anayesa masana, anayesa kumudzi wina, anayesa atabatizidwa. Zinali chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo ankawodzera chokhala, pafupi ndi chitseko, zaka zoposa makumi asanu.

Atakalamba kwambiri anadwala, koma mzimu unkakana kuchoka. Anakhala mwezi wathunthu osadya, maso ali pachitseko. Ana ake ankadziwa chimene ankafuna, ndipo aliyense ankapeza chochita kudimba. A Filimoni anali atangokwatira kumene. Anati sanathe kupirira kuwaona agogo awo akuvutika motero. Anagwada, naika khutu. Atamva, anati, "Ndalandira." Agogowo anapendekeka, nagona chammbali, ndipo anapita anthu asanamalize kuwayalira mphasa.

"Ndiye mwaona chifukwa chake ndinasankha ulonda," anandiuza a Filimoni akumwetulira. "Mabwana ankanditama kuti sindigona pa ntchito."

Ndinawafunsa ngati anauzako abusa. Anati anauza awiri, ndipo onse anawapempherera mokhulupirika, koma panalibe amene anapereka khutu, ndipo iwo sanawaimbe mlandu. Ine ndinayang'ana miyendo yawo yotupa, msana wopindika umene sunadziwe mphasa kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinapemphera mumtima, ndipo sindidziwa ngati chinali chifundo kapena kupusa, koma ndinapezeka ndasendera pafupi, ndaweramitsa mutu chakukamwa kwawo.

Anandikankha paphewa ndi dzanja lawo lopepuka lija. Zimene ananena pamenepo ndizo zomaliza zimene ndinamva kwa iwo, chifukwa m'mawa mwake analeka kulankhula. Anavutika masabata atatu ali chikhalire, ndipo ife tinkasinthana kuwaimbira nyimbo. Atapita, ndinafotokozera abale pempho lawo. Anakangana, ena anati n'zachikunja, koma pomaliza anachita zimene a Filimoni anapempha. Ine ndimawatchulabe m'mapemphero anga, pamodzi ndi asanu ndi awiri aja, ndi nduna yomwe. Mawu amene a Filimoni anandiuza tsiku lija anali awa:

"Chotsani khutu lanu pamenepo, mayi, inu muli ndi ana. Mawuwa athera pa ine. Mukawauze abale kuti asadzandigoneke. Adzandiike chokhala, monga ankaikira makolo athu, nkhope kuloza kuphiri. Kumene ndikupitako nduna ija ndikaipeza, ndipo kumeneko kulibe kophimbira makutu. Ikakalandira, ndidzagona ndekha."